Khadi ndi la amayi, PIN ndi ya amayi, nanga inu ndinu ndani pa kauntala?

Lachiwiri usiku ndinalandira kalata ya mayi wina wa ku Leeds, kuno ku England. Amayi awo ayamba kuiwalaiwala, anawasainira kale Lasting Power of Attorney, pepala lalamulo lowapatsa mphamvu yoyang'anira chuma cha amayiwo, ndipo funso lawo n'lalifupi: "Ndimangotenga khadi lawo n'kukagula zapakhomo, PIN ndimaidziwa. Pali vuto?" Ndinawerenga ndili m'basi mpaka kupitirira pamene ndimatsikira, chifukwa funso limeneli linali langa zaka zinayi zapitazo.

Azakhali anga anabwera kuno m'ma 1970 kudzagwira ntchito ya unamwino ku Nottingham. Mwana analibe, ndiye pa pepala lotereli analembapo dzina langa. PIN yawo anailemba pa kapepala n'kumata kuseri kwa kalendala ya mpingo ya kukhitchini, pamwamba pa ketulo, mpaka nthunzi inafufutitsa manambala awiri omaliza. Ine ndinaloweza, basi n'kuyamba kugula. Matewera a akuluakulu, tiyi, sopo, mafuta odzola. M'basiketi momwemo ndinkaponyamo mkaka wa kwanga, tsiku lina masokosi a mwana wanga, ndikudziuza kuti ndibweza Lachisanu. Nthawi zina ndinkabwezadi. Lisiti? Ndikafunsidwa ngati ndikulifuna ndinkangopukusa mutu.

Tsiku lina ndikuwagulira mpando wosambira pa intaneti, malipiro anakana kudutsa. Ndinaimba ku banki, ndipo atafunsa kuti ndi mwini akaunti akulankhula, ndinavomera. Ndinatchula tsiku lawo lobadwa molondola, koma mawu a mayi wa zaka 38 safanana ndi a gogo wa zaka 79. Khadi analitseka pomwepo. Milungu iwiri ndinalipira owasamalira ndi ndalama zanga za lendi, uku pepala lenilenilo, losindikizidwa bwinobwino ndi Office of the Public Guardian, ofesi ya boma yolembetsa mapepala oterewa, lili phee m'kabati. Ndinali ndisanapite nalo ku banki n'kamodzi komwe. Ndinkaganiza kuti kukhala nalo n'kokwanira.

Pa nthawiyo ndinakwiyira banki. Lero ndikuti anachita bwino, ndipo ndikanakhala ine ndikanatsekanso. Kwa iwo munthu wogwiritsa ntchito khadi ndi PIN ya mnzake ndi mlendo, kaya ndi mwana wobadwa yekha kaya ndi mbava. Malamulo a akaunti amaletsa kupatsa munthu wina PIN, ndipo ndalama zikabedwa banki ikhoza kulimbalimba pobweza ikamva kuti PIN inkayenda m'manja. Choopsa china n'chakuti pa sitetimenti zonse zimaoneka ngati agula ndi amayiwo. Mawa wina akakulozani chala, mudzasonyeza chiyani?

Ndipo adzakulozani, achemwali. Ine anali msuweni wanga wa ku Lilongwe, pa gulu la WhatsApp la banja, anthu 23 akuwerenga: "Ndalama za azakhali zikuyenda bwanji kumeneko?" Ndinalibe mtima wakuba, koma ndinalibenso choonetsa. Manyazi a usiku umenewo sindinawaiwale.

Gulu lomwelo ndi limene linkandipempha ndalama. Maliro a amalume ku Dedza, chipepeso. Fizi ya mdzukulu. Malata a nyumba ya kumudzi. Onse ankati azakhali ankathandiza kale, ndipo sankanama, anathandiza zaka 40. Koma apa ndiuma mtima, ena akwiye: ndalama za munthu wodwala si thumba la banja. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005, ndime 12, limalola woyang'anira kupereka mphatso pa nthawi zodziwika zokha, monga tsiku lobadwa, ukwati kapena Khirisimasi, kwa abale ndi anthu oyandikana nawo, kapena ku mabungwe achifundo amene mwiniwakeyo ankathandiza, ndipo mphatsoyo ikhale yolingana ndi chuma chake. Zazikulu kuposa apo muyenera kukapempha ku Court of Protection, khoti loona za anthu amene sangathenso kusankha okha. Malata a nyumba sakulowa m'menemo, ngakhale mulire bwanji. Ngati amayi akadali ndi nzeru zosankha okha pa nkhaniyo, afunseni, ndalama n'zawo, apereke okha. Ngati sangathenso, inu simunalowe ufumu wawo, mwangobwereketsa manja anu. Office of the Public Guardian imafufuza ikalandira dandaulo, ndipo khoti likhoza kukuchotsani.

Mchimwene wanga wa ku Johannesburg ankandiseka kuti a ku Ulaya timakonda mapepala. Chaka chatha apongozi ake atadwala matenda oiwalaiwala omwewa anadabwa kumva kuti ku South Africa power of attorney imatha mphamvu munthu akangosokonekera maganizo, ndipo pamafunika kuti khoti kapena ofesi ya Master, mkulu wa ku khoti lalikulu, isankhe woyang'anira. Kuno ku England ndi Wales pepala lathu, lomwe linayamba mu 2007, linapangidwira nthawi yovutayo. Ku Scotland ali ndi malamulo awo, musatengere zanga ngati muli ku Glasgow.

Ndiye muchite chiyani?

Khadi la amayi libwezeni m'chikwama chawo lero. Pitani ku banki iliyonse imene ali ndi akaunti, mutatenga pepala lolembetsedwalo ndi chiphaso chanu, kapena muwapatse nambala yowonera pepalalo ya pa webusaiti ya boma ya gov.uk, imene imagwira ntchito masiku 30. Akakulembetsani, mabanki ambiri amakupatsani khadi lanulanu, la dzina lanu ndi PIN yanu, lotapa mu akaunti ya amayi. Funsaninso zolowera pa intaneti m'dzina lanu. Magetsi, gasi, council tax (msonkho wa kukhonsolo) ndi owasamalira, zonse ziyende pa direct debit, banki izilipira yokha kuchokera mu akaunti, kuti musamagwire ndalama m'manja. Zanu ndi zawo muzilipira padera ngakhale mzere utalike kumbuyo kwanu, ndipo ndalama zawo musaziike mu akaunti yanu. Mukagula ndi zanu, dzibwezereni ndalama yeniyeniyo ya pa lisiti, n'kulemba chimene mwagula. Wina akaimba kuti ndi wa ku banki, dulani foni muimbe 159, nambala yokulumikizani ndi banki yanu yeniyeni.

Malisiti ine ndinkasunga m'chitini cha mabisiketi, lililonse nditalemba kumbuyo kwake ndi bolopeni, chifukwa inki ya malisiti imafufutika pakangopita miyezi. Kenako ndinayamba kuwajambula pa foni ndisanatuluke m'sitolo. Msuweni uja atafunsanso, ndinamutumizira zithunzi 61 nthawi imodzi. Anangoyankha ndi chala cha m'mwamba.

China chimene palibe anandiuza: mphamvu ya pepalali imathera pa imfa, ola lomwelo. Azakhali anamwalira m'bandakucha Loweruka, ndipo masana ake ndinali m'sitolo ndi ufa, shuga ndi nkhuku zisanu za anthu obwera kudzakhuza maliro, dzanja litatulutsa kale khadi la akaunti yawo. Ndinalibweza m'thumba n'kulipira ndi langa. Lolemba ndinakadziwitsa banki, ndipo ndalama za bokosi anatumiza okha kwa okonza maliro nditawapatsa invoisi ndi chikalata cha imfa.