Funsani za Nyimbo: Dorian ikungomveka ngati C major

Funso: Ndimaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ndipo ndayamba kuphunzira jazi. Mnzanga wandiuza kuti D Dorian ndi sikelo ya C major yomweyo, kungoti umayambira pa D. Ndayesa, koma zikungomveka ngati C major basi. Kodi wandinamiza? Woimba gitala, Zomba.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sananame, koma wakuuzani theka lokha. Manoti ndi omwewo ndithu: D, E, F, G, A, B, C. Poti ndinu a kwaya, ndinene kuti ndi re mi fa so la ti do re. Vuto n'lakuti khutu lanu linakulira pa do, ndiye mukangoyendetsa zala limakukokerani ku C ngati ng'ombe yolowera kukhola kwake. Kuyambira pa D sikokwanira. Khutu liyenera kuvomereza kuti nyimbo ikupumulira pa D, ndipo amene amalikakamiza kutero ndi besi ndi chord yomwe ikulira pansi.

Chitani izi. Lizani nsambo yachinayi, ya D, osaigwira, muisiye izilira. Pamwamba pake imbani ndi pakamwa re, mi, fa, kenako bwererani pa re. Chitani pang'onopang'ono, ndipo musamalizire pa do ngakhale kamodzi. Kapena mnzanu wa kiyibodi agwire chord ya Dm7 (D minor 7) yokhayokha kwa mphindi zingapo inu mukusewera.

Tsono apa ndi pamene ine ndimakondera. Yerekezani Dorian ndi D minor wamba: zimasiyana noti imodzi yokha, yachisanu ndi chimodzi. Minor wamba ili ndi B flat, Dorian ili ndi B. Fureti imodzi basi, koma ndiyo imapepuza chisoni cha minor. Imasinthanso chord ya pa noti yachinayi: m'malo mwa G minor mumapeza G major, ya G, B ndi D. Sinthanitsani Dm7 ndi G, mumva fungo la Dorian pompo. Chenjerani chabe, chifukwa G imafuna kuthamangira ku C. Mukailola, mwabwerera ku major.

Pa gitala n'kosavuta kusamutsa Dorian kuti iyambire pa A. Ngati mumadziwa pentatonic ya A minor ya pa fureti 5, onjezerani manoti awiri, onse ali pa fureti 7: B pa nsambo yoyamba, yaing'onoyo, ndi F sharp pa yachiwiri. F sharp ameneyo, noti yachisanu ndi chimodzi kuchokera pa A, ndiye mwini Dorian. Mugwireni ndi chala chachitatu, mumusiye alire pamwamba pa Am7, musamudutse mothamanga.

Kenako mverani "So What" ya Miles Davis, woliza lipenga wa jazi, ya m'chimbale cha Kind of Blue cha 1959, momwe pa piyano pali Bill Evans. Nyimboyi ili ndi ma bar 32: 16 pa D Dorian, 8 pa E flat Dorian, 8 kubwerera pa D. Kwa inu a gitala, kusinthako ndi kungokweza dzanja fureti imodzi n'kulitsitsanso. Jazi ya bebop ya zaka za m'ma 1940 inkasintha ma chord pafupipafupi, nthawi zambiri awiri mu bar imodzi, woimba n'kumangowathamangira. Davis anafuna malo opumira, kuti lipenga lake lipeke nyimbo m'sikelo imodzi kwa nthawi yaitali. Mvetserani mmene amasiyira mipata osaliza kanthu.

Ma mode, masikelo onga Dorian, alipo 7, ndipo mudzapeza okuuzani kuti muwaloweze onse nthawi imodzi. Ine sindivomereza. Khalani pa Dorian kufikira mutatha kuimba B uja ndi pakamwa besi ikulira D, gitala ili pambali. Mixolydian, yoyambira pa so, idikire kaye.