Mukukayika ngati Mulungu alipo? Yambani mwapeza chimene chagwedezeka

Achimwene, mwanena kuti munakulira m'mapemphero, koma chaka chino mwayamba kukayika ngati Mulungu alipodi, ndipo aliyense amene mwamufunsa akungoti "ingokhulupirirani, musamafunse zambiri". Mukufuna kudziwa ngati pali njira yolingalira nkhaniyi popanda kudzinamiza. Ilipo, ndipo kufunsa simunalakwe, safunsa anadya phula. Koma musayambire pa funso lalikululo lakuti alipo kapena kulibe, likutopetsani msanga. Yambani mwapeza chimene chagwedezeka.

Tengani pepala. Chimene timangochitchula kuti chikhulupiriro chili ndi mfundo zosachepera zisanu zosanjikizana, ndiye zilembeni iliyonse pamzere wake: kuti pali Wina amene anachititsa kuti zonse zikhalepo, kuti Winayo ndi wabwino ndipo amasamala za anthu, kuti anadziulula kudzera m'buku lopatulika limene inu mumawerenga, kuti mpingo wanu umamasulira bukulo molondola, kuti atsogoleri anu ndi anthu oona mtima. Pambali pa mzere uliwonse ikani nambala kuyambira 0 mpaka 10, yosonyeza mmene mukutsimikizira lero. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti munthu wakhumudwa pa mzere wachisanu, mwina mtsogoleri wadya chopereka kapena ulosi wake sunachitike, koma iye n'kufufuta mizere yonse isanu. Bodza la mlaliki ndi umboni wonena za mlalikiyo, silikhudza funso lakuti thambo linachokera kuti. Okhulupirira nawo amalakwitsa mobwerera: akapeza mfundo yolimba ya mzere woyamba amayesa kuti atsimikizira zonse mpaka malamulo a mpingo wawo.

Kenako dzifunseni kuti, wina atandipatsa yankho lomveka bwino mawa m'mawa, kukayikaku kutha? Ngati mukuti inde, vuto lili m'mutu ndipo kuwerenga kuthandiza. Ngati mukuti ayi chifukwa munapempherera wodwala kwa miyezi koma anamwalirabe, chimenecho ndi chilonda cha mumtima, ndipo mtsutso wa anthu ophunzira sudzachipoletsa.

Tsono mfundo zimene anthu amapereka zoti Mulungu alipo, ndi pamene iliyonse imathera mphamvu. Yotchuka kwambiri inakonzedwa bwino ndi akatswiri achisilamu, makamaka al-Ghazali (1058–1111), ndipo ili ndi masitepe atatu: chilichonse chimene chili ndi chiyambi chili ndi chochiyambitsa, chilengedwe chili ndi chiyambi, choncho chilengedwe chili ndi chochiyambitsa. Ambiri amathamangira kufunsa kuti "nanga Mulunguyo anamulenga ndani?" Funsoli siligwetsa mfundoyi, chifukwa sitepe yoyamba ikunena za zinthu zokhala ndi chiyambi, osati chilichonse. Pofooka pake pali pena. Zoyambitsa zonse zimene timazidziwa zimachitika mkati mwa nthawi, china chimatsogola china n'kutsatira. Ngati nthawi yeniyeniyo inayamba limodzi ndi chilengedwe, mawu akuti kuyambitsa ayenera kutanthauza china chosiyana ndi chimene tinazolowera. Komanso ngakhale masitepe onse atatu atalimba, akufikitsani pa mzere woyamba wa pepala lanu basi. Sakunena kuti Woyambitsayo amamva mapemphero.

Pamenepa anthu amakonda kukokera sayansi kumbali yawo. Zoona, akatswiri amati thambo lakhala likufutukuka kwa zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, ndipo mmodzi mwa oyamba kusonyeza kuti thambo likufutukuka, mu 1927, anali Georges Lemaître, wansembe wachikatolika wa ku Belgium. Koma iye yemweyo sanasangalale pamene Papa Pius XII mu 1951 analankhula ngati kuti sayansiyi yatsimikizira nkhani ya kulenga. Ankadziwa kuti masamu amatifikitsa pamene thambo linali lothinana kwambiri, sanena chimene chinalipo kuseri kwake. Thomas Aquinas (1225–1274), amene anapereka njira zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo, ankavomereza kuti nzeru pazokha sizingatsimikize kuti dziko linali ndi tsiku loyamba. N'chifukwa chake funso lolimba koposa, mmene ndikuonera, ndi la Leibniz, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany: bwanji pali zinthu m'malo moti pasakhale kalikonse? Wokhulupirira amaima pa Mulungu amene sadalira china chilichonse, wosakhulupirira amaima pa chilengedwe chimene chinangokhalapo. Aliyense ali ndi poima pamene sangafotokozenso, ndipo ntchito yanu ndi kuona kuti poima pomveka ndi pati.

Mfundo yachiwiri ndi ya luso. William Paley mu 1802 anati ukatola wotchi patchire umadziwa kuti pali anaipanga, ndiye diso la munthu nalonso lili ndi mmisiri wake. Mu 1859 Charles Darwin anasonyeza mmene ziwalo zovuta zingapangikire pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri, ndipo wotchi ya Paley inachepa mphamvu. Apa pali msampha woyenera kuusamala: ngati mwamanga chikhulupiriro pa chinthu chimene sayansi sinachifotokoze, tsiku limene idzachifotokoze mudzagwa nacho limodzi. Masiku ano mfundoyi inasamukira ku malamulo a chilengedwe. Mwachitsanzo, mphamvu imene imakankha thambo kuti lizifutukuka ikanakhala yaikulu kwambiri kuposa mmene ilili, milalang'amba ndi nyenyezi sizikanaumbika. Otsutsa amayankha kuti mwina kuli mathambo ambirimbiri ndipo ife tili mu limene linayenerera moyo. Palibe anaonapo mathambo enawo, monganso palibe anamuyezapo Mulungu ndi makina.

Mfundo ya mmonke Anselm, ya m'ma 1070, yakuti kungoganiza za Wamkulu koposa onse kukusonyeza kuti alipo, musatayirepo nthawi poyamba. Mmonke wina dzina lake Gaunilo anaitsutsa Anselm akadali moyo, ndipo ndi ochepa amene imawakhutiritsa. Kubetcha kwa Pascal, katswiri wa masamu wa ku France, kwakuti ukakhulupirira sutaya kanthu koma ukakana ungataye zonse, si umboni konse. Kumangonena za phindu, ndipo sikukuuzani kuti mubetchere Mulungu wa chipembedzo chiti.

Mbali inayo, ya otsutsa kuti Mulungu alipo, mfundo yolemera ndi ya kuzunzika, ndipo amene amaipeputsa sanaiganizire bwino. Pa 1 Novembala 1755, m'mawa wa tsiku la Oyera Onse, chivomezi chinagwedeza mzinda wa Lisbon ku Portugal anthu ali m'matchalitchi. Madenga anawagwera, amene anathawira kudoko anakokoloka ndi mafunde, moto n'kumaliza zotsala, ndipo anafa anthu zikwi makumi angapo. Ngati Mulungu angathe zonse ndipo ndi wabwino, analekereranji? Mu 1955 J. L. Mackie anati zinthu zitatuzi, mphamvu zonse, ubwino wonse ndi kuipa, sizingakhalire limodzi. Alvin Plantinga mu 1974 anayankha kuti Mulungu akalenga anthu okhala ndi ufulu weniweni wosankha, sangawakakamizenso kusankha zabwino zokhazokha, ndipo akatswiri ambiri, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, amavomereza kuti yankholi linachotsa kutsutsana kumene Mackie ankanena. Koma nkhani sinathere pomwepo. William Rowe mu 1979 anapereka chitsanzo cha mwana wa gwape wopsa ndi moto woyamba ndi mphezi m'nkhalango, n'kuzunzika masiku angapo asanafe, popanda munthu womuona kapena wophunzirapo kanthu. Ufulu wosankha sufotokoza gwapeyo, sufotokozanso Lisbon.

Okhulupirira ali ndi mayankho awiri apa. Loyamba ndi lakuti dziko loti anthu akhalemo ndi kusankha zochita liyenera kuyenda ndi malamulo osasinthasintha, ndipo moto umene umatenthetsa wozizidwa ndi womwewo umawotcha. Lachiwiri ndi la Yobu kuyambira mutu 38, pamene Mulungu sapereka chifukwa koma amasonyeza kuchepa kwa zimene munthu amaona. Yankho lachiwirili lili ndi mtengo wake umene alaliki satchula: mukati sitingadziwe zolinga za Mulungu pa zoipa, muyenera kuchepetsanso kulimba mtima ponena kuti mukudziwa zolinga zake zinthu zikakuyenderani bwino. Yankho lakuti ovutikawo anachimwa litayeni ndithu, anzake a Yobu analipereka ndipo anadzudzulidwa nalo.

Mwaona tsono kuti palibe mbali ili ndi umboni wonga wa masamu. W. K. Clifford mu 1877 anati n'kulakwa kukhulupirira chinthu popanda umboni wokwanira. William James mu 1896 anayankha kuti pali mafunso ena amene kusasankha nakonso n'kusankha, chifukwa moyo sudikira. Onse awiri ali ndi mbali yoona. Chofunika n'kugwiritsa ntchito sikelo imodzi. Ngati mukufuna 10 pa 10 kuti mukhulupirire, funaninso 10 pa 10 kuti mukane. Ngati mumakana zozizwitsa za chipembedzo china chifukwa mboni zake n'zochepa, yezani za chipembedzo chanu ndi muyezo womwewo.

Kachitidwe kake: sankhani mzere umodzi, wa nambala yotsikitsitsa, muupatse miyezi iwiri kapena itatu. Werengani wolemba mmodzi wozama wa mbali iyi ndi mmodzi wa mbali inayo, osati timavidiyo ta mphindi ziwiri ta pa TikTok, chifukwa timeneti timapangidwa kuti wina achite manyazi, osati kuti inu mumvetse. Muziyesa kulemba mfundo ya amene simugwirizana naye mpaka iye mwini atati "eya, ndi zimene ndikunena", kenako muitsutse. Musagamule usiku, mutatopa, kapena sabata ya maliro. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyeziyo ikatha lembaninso manambala aja muone chimene chasuntha ndi chifukwa chake. Pezani munthu mmodzi wokambirana naye. Woyenera mudzamudziwa chifukwa amatha kunena kuti "funso limenelo n'lovuta" ndipo sathamangira kukuuzani kuti muli ndi chiwanda. Kulengeza pagulu kuti mwasiya kapena mwabwerera kudikire, chifukwa munthu akalengeza amayamba kuteteza mawu ake m'malo mofufuza.

Za kuopa kuti kukayika ndi tchimo, mabuku opatulikawo ali ndi okayika ambiri. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma anthu kukafunsa Yesu ngati analidi woyembekezedwa uja (Mateyu 11). Tomasi anafuna kuona mabala, ndipo anamuonetsa (Yohane 20). Salimo 88 limatha wolemba akadali mumdima. Mu Qur'an 2:260 Ibrahim anapempha kuona mmene akufa amaukitsidwira kuti mtima wake ukhazikike. Makalata a Mother Teresa amene anasindikizidwa mu 2007 anasonyeza kuti anakhala zaka zambirimbiri osamva kuti Mulungu ali pafupi, uku akugwirabe ntchito yake. Izi sizitsimikiza kuti Mulungu alipo, zikungosonyeza kuti amene akukuletsani kufunsa sakutsata mabuku awo omwe.

Chenjezo limodzi: ngati kukayikaku kukubwera ngati maganizo obwerezabwereza osatha kuwaletsa, mukulapa tchimo lomwelo kakhumi patsiku, tulo ndi chilakolako cha chakudya zatha kwa masabata awiri kapena kuposa, kapena mukuganiza zodzivulaza, onanani ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Zimenezo zimakhala zizindikiro za matenda a nkhawa kapena okhumudwa, ndipo kuwerenga mitsutso kumangowonjezera moto.

Mukalemba mizere isanu ija, tiuzeni umene wapeza nambala yotsika. Yankho la wokayika mzere wachiwiri ndi losiyana kwambiri ndi la wokayika wachinayi.