Mankhwala a matenda amaganizo akamuwenga munthu

FUNSO: Mng'ono wanga ali ndi matenda amaganizo aja amati bipolar. Anamupatsa carbamazepine, ndipo patatha milungu itatu anatentha thupi, milomo inachita zilonda, khungu n'kuyamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Anagonekedwa, pano watuluka, koma akukana piritsi lililonse ndipo usiku sakugona. Tikanadziwa bwanji msanga? Nanga tsopano titani? — Mkulu wake wodandaula

YANKHO: Pepani ndi zimene zinakuonekeranizi. Mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi matenda otchedwa Stevens-Johnson, dzina lochokera kwa madokotala awiri a ku America amene anawafotokoza mu 1922. Chitetezo cha m'thupi chimaukira khungu la mwiniwake, pamodzi ndi m'kamwa, m'maso ndi kumaliseche. Khungu losupuka likapitirira magawo 30 pa 100 a thupi, amawatcha TEN, ndipo zikafika apo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amamwalira. Pa mankhwala okhazikitsa maganizo, amene amadziwika nazo kwambiri ndi carbamazepine ndi lamotrigine. Amene ali ndi HIV amakhala pachiopsezo chokulirapo.

Chovuta n'chakuti matendawa amabwera ngati chimfine. Tsiku limodzi kapena atatu khungu lisanasinthe, munthu amatentha thupi, kukhosi kumawawa akamameza, maso amafiira n'kumamva ngati mwalowa mchenga. Kenako pachifuwa ndi kumaso pamatuluka timadontho tofiirira, takuda pakati. Ziwengo wamba zimayabwa, koma izi zimapweteka, mwakuti ngakhale malaya akakhudza munthu amadzuma. Nthawi zambiri zimayamba m'milungu 8 yoyambirira chiyambireni mankhwala.

Odwala onse amauzidwa kuti asamasiye okha mankhwala, ndipo ndi malangizo abwino. Koma apa lamuloli siligwira. Munthu amene wayamba kumene mankhwalawa akatentha thupi n'kutuluka zidzolo, kapena akachita zilonda m'kamwa, matuza, kapena kutupa nkhope, asamwenso piritsi lotsatira. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula mapaketi a chilichonse chimene akumwa. Kumusiyitsa msanga n'kumene kumachepetsa imfa. Musaboole matuza, musapake chilichonse, ndipo musagule Bactrim poganiza kuti ndi zilonda za kukhosi, chifukwa nayenso amayambitsa matenda omwewa. Ngati mankhwalawo amamwera khunyu, nenani pofika kuti amupatse ena nthawi yomweyo asanagwe.

Palinso mtundu wina wotchedwa DRESS, wobwera pakati pa milungu iwiri ndi 8. Nkhope imatupa, mwanabere amatuluka, ndipo chiwindi kapena impso zimavulala mwakachetechete. Umenewu umatha kubwereranso munthu atasiya kale mankhwala, n'chifukwa chake amayezedwa magazi mobwerezabwereza.

Tibwere kwa mng'ono wanuyo. Mantha akewo ndi omveka, musamukalipire. Koma carbamazepine yekha ndi abale ake ndiwo oletsedwa kwa moyo wake wonse: oxcarbazepine, phenytoin ndi phenobarbital, ndipo madokotala ambiri amapewanso lamotrigine. Ngakhale theka la piritsi "longoyesa" likhoza kubweretsa zoopsa kuposa poyamba. Mayina amenewa alembedwe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lake la kuchipatala, ena pakapepala koyenda nako m'thumba, ena mufoni yanu. Dzina lamalonda la carbamazepine ndi Tegretol, lilembedwenso, poti ambiri amapusitsika ndi paketi yosiyana.

Kusagonako ndiko kukutidetsa nkhawa. Kwa munthu wa bipolar, kuchepa kwa tulo kumakhala chizindikiro choyamba chakuti matenda akudzuka. Aonane ndi dokotala wa matenda amaganizo sabata ino. Mankhwala ochokera ku banja lina alipo, monga lithium, olanzapine kapena quetiapine. Valproate naye alipo, koma sayenera mkazi amene angatenge pakati chifukwa amapundula mwana m'mimba. Pemphani kuti ayambe mtundu umodzi wokha, pamlingo wochepa, kuti chikachitika china mudziwe wolakwa. Mumuuze dongosolo lonse: aziyang'ana khungu ndi m'kamwa m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri, ndipo adziwe kumene angathamangire. Ambiri amavomera akaona kuti chiwongolero chili m'manja mwawo. Akamalota zoopsa za m'chipatala muja, kapena akayamba kulankhula zodzipha, musabise, kanenani.

Maso musawaiwale. Khungu limamera m'milungu iwiri kapena itatu, mabala akuda ndi oyera amazilala pakapita miyezi, zikhadabo zothothoka zimaphukanso, koma maso akhoza kuuma ndi kuchita zipsera mpaka kuwononga kuona. Dokotala wa maso amuone ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Khungu latsopanolo aziliteteza kudzuwa.

FUNSO: Atandibaya jakisoni wa haloperidol, khosi linapindika, lilime linatuluka, maso n'kutembenukira kumwamba. Kodi anandiwenga? — Wowerenga

YANKHO: Ayi, kumeneko ndi kukokana kwa minofu, kumene kumagwira kwambiri anyamata m'masiku oyambirira. Kumaopsa kuona, koma kumatha akakupatsani mankhwala monga benzhexol kapena promethazine, ndipo dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha. Kukafika pobanikitsa, thamangani kuchipatala. Chimodzimodzinso thupi likauma gwa, likutentha kwambiri, thukuta lili kamukamu ndipo mutu wasokonezeka: amenewo ndi matenda ena oopsa obwera ndi mankhwala a gulu limeneli.

Kuwenga kwadzidzidzi kumaoneka mwanjira ina. Pakangopita mphindi zochepa, kapena ola limodzi kapena awiri, milomo ndi lilime zimatupa, mawu amasasa, mpweya umalira m'chifuwa, munthu n'kuchita chizungulire. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, 0.5 mg kwa wamkulu, wobaya mumnofu wa kunja kwa ntchafu, ndipo amabwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Piriton amangochepetsa kuyabwa, satsegula kukhosi. Popita kuchipatala wodwalayo agone chagada, miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati akubanika, koma asaimirire kapena kuyenda yekha, chifukwa magazi amalephera kubwerera kumtima, munthu n'kukomoka pomwepo.