Arnold Clark ndi dzina la munthu, ndipo kampaniyo idakali ya banja lake

Mwafunsa ngati dzina la Arnold Clark, lomwe mumaliona pa malo ambiri ogulitsira magalimoto ku Britain, ndi la munthu weniweni, komanso ngati kampaniyo idakali m'manja mwa banja. Yankho ndi inde pa zonse ziwiri.

Bambo Arnold Clark anabadwira ku Glasgow, ku Scotland, mu 1927, ndipo anagwira ntchito ya umakanika ku gulu la asilikali a ndege la RAF. Atachoka kumeneko, anatenga ndalama zomwe anapatsidwa potsazikana nagula galimoto yakale ya Morris Ten Four pa mapaundi 70, anaikonza ndi manja awo, kenaka anaigulitsa ndi phindu. Mbali imeneyi ndi yomwe imandigwira mtima, chifukwa munthu wodziwa kumva kulira kwa injini amadziwa galimoto yoyenera kugula ndi yoyenera kuisiya, ndipo luso limenelo ndilo linali mpamba wawo weniweni kuposa ndalamazo.

Mu 1954 anatsegula malo awo oyamba ogulitsira magalimoto mu msewu wa Park Road mumzinda wa Glasgow. Bizinesi inakula mpaka kufalikira ku England, ndipo mu 2004 analandira ulemu wa Sir.

Atamwalira mu 2017 ali ndi zaka 89, mkazi wawo, Lady Philomena Clark, ndi amene anatenga udindo wa wapampando. Kampaniyo sinagulitse masheya ake pa msika, choncho umwini wake unakhalabe wa banja.