Ngaka si nyama yoweta

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angathe kuweta ngaka pakhomo popeza ndi kanyama kofatsa komanso kokongola. Kukongolako sindikutsutsa, makamaka mukaona mwana wake atakakamira pamchira wa amake. Koma kuweta ayi.

Vuto lalikulu ndi chakudya. Ngaka ilibe mano. Imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo imazinyambita ndi lilime lalitali lonanda itafumbula chulu ndi zikhadabo zake. Imayenda usiku kusaka zimenezi, masana n'kubisala kuuna. Mukaitsekera m'khola imakana kudya, imafooka, kenako imafa. Ngakhale akatswiri osamalira nyama amavutika nayo.

Ikaopsedwa sithawa, imangodzipinda ngati mpira, mamba ali kunja. Mkango umalephera kuitambasula, koma munthu amangoitola n'kuiponya m'thumba. Chomvetsa chisoni n'chakuti mamba amene amaiphera aja ndi keratini, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathuzi, ndipo palibe umboni woti amachiza matenda.

Padziko lonse pali mitundu 8 ya ngaka, 4 ku Africa ndi 4 ku Asia. Kawirikawiri imabereka mwana mmodzi pachaka, choncho zikachepa sizichulukanso msanga. N'chifukwa chake mu 2016, pamsonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a ngaka zamitundu yonse pakati pa mayiko. M'mayiko ambiri kungopezeka nayo ndi mlandu.

Mukaipeza yasochera kapena yavulala, musaitengere kunyumba. Dziwitsani msanga oyang'anira nyama zakutchire kuti aibwezere kutchire komwe kuli zulu.