Tifunseni: Chipatala chaulere nde sosholizimu?

FUNSO: Akulu, takangana ndi mnzanga mpaka kutsala pang'ono kudana. Iye akuti dziko lililonse lomwe aliyense amalandira chithandizo kuchipatala osalipira, komanso boma limatulutsa ndalama zambiri, basi limenelo ndi la sosholizimu. Ine ndikuti ayi koma ndikusowa pomugwira. Tatiweruzeni. Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene musadane kaye, nkhaniyi imasokoneza ngakhale andale akuluakulu, makamaka ku America komwe ena akangomva za chipatala cha onse amayamba kukuwa kuti sosholizimu yabwera. Koma inuyo nde muli pafupi ndi zoona.

Pa sosholizimu chomwe timayang'ana ndi mwini wake wa zinthu zopangira chuma, mafakitale, mabanki, migodi, minda ikuluikulu. Zikachoka m'manja mwa anthu abizinesi nkupita m'manja mwa boma kapena mwa anthu onse pamodzi, apo nde tafika. Taonani Tanzania mu 1967, Julius Nyerere atangolengeza mfundo za ku Arusha boma linatenga mabanki ndi makampani akuluakulu. Ku Soviet Union nde osanena, boma limkakonza lokha kuti fakitale iyi ipange zingati ndipo mtengo ukhale wotani. Koma boma longotolera misonkho kwa abizinesi nkulipira madokotala, bizinesi zili chikhalire m'manja mwa eni ake, limenelo likudyera msika womwewo, msika ukagwa nalonso lagwa.

Mnzanuyo mukamufunse za Otto von Bismarck, yemwe anali mtsogoleri wa boma ku Germany. Mkulu ameneyu asosholisiti samafuna nkuwaona komwe, mu 1878 anabweretsa lamulo loletsa misonkhano yawo ndi nyuzipepala zawo, koma yemweyonso nde anayambitsa inshuwalansi ya matenda ya anthu apantchito mu 1883, kenako ya ngozi mu 1884 ndi penshoni mu 1889, ndipo cholinga chake china chinali choti antchito akhute pang'ono asamathamangire kwa asosholisiti aja. Nde eti tinene kuti Bismarck anali msosholisiti? Angadzuke kumanda.

Denmark nayo anthu amakonda kuitchula. Mu 2015 nduna yaikulu ya dzikolo Lars Løkke Rasmussen anachita kunena yekha ku yunivesite ya Harvard ku America kuti dziko lawo si la sosholizimu, chuma chawo ndi cha msika. Ndipo samanama, Lego ndi Maersk, makampani akuluakulu a ku Denmark, si aboma. Ku France boma limagwiritsa ntchito ndalama zoposa theka la chuma chonse cha dziko pachaka, koma mabiliyoneya ali mbwee, masheya akugulitsidwa tsiku ndi tsiku.

Komatu mnzanuyo sanaphonye zonse ayi, tisamunyoze. Ku Britain NHS, ndondomeko yawo ya chipatala chaulere cha onse, inayamba mu 1948 pansi pa boma la chipani cha Labour, nduna yomwe inaikankha Aneurin Bevan anali msosholisiti weniweni wosabisa, ndipo zipatala zambiri boma linazitengadi. Nde mukati NHS ili ndi magazi a sosholizimu sindikutsutsani. Kungoti chipatala chokha sichisandutsa dziko lonse. Margaret Thatcher, mayi yemwe ali nduna yaikulu ya Britain anagulitsa makampani aboma a British Telecom mu 1984 ndi British Gas mu 1986, NHS sanaithetse, odwala anapitiriza kulowa osalipira.

Chinanso, chithandizo cha onse sichifuna kuti boma likhale mwini chipatala. Ku Canada madokotala ambiri ndi odziimira okha, amakuona kenako bilu nkutumiza kuboma. Ku Switzerland lamulo limakakamiza aliyense kugula inshuwalansi, osauka boma nkuwathandiza kulipira. Njira nzambiri. Ndipo chondiseketsa ine ndi America yomweyo, ilibe chithandizo cha onse koma imathira pa zaumoyo pafupifupi 17 pa 100 ya chuma chake, kuposa maiko onse omwe ndatchulawa, ndipo Medicare, yomwe boma limalipirira okalamba azaka 65 kupita mtsogolo, ilipo kuyambira 1965. Tikamayeza ndi ndalama zomwe boma latulutsa nde bajeti ya asilikali ndi misewu nayonso tiziti sosholizimu, mwaona kuti sizikuyenda.

Ngati mukufunabe kukangana, kanganani pa mtengo wake chifukwa pamenepo mnzanuyo akhoza kukupanikizani. Zaulerezi amalipira ndi anthu omwewo, ku Denmark VAT ndi 25 pa 100 ndipo imaluma olemera ndi osauka omwe, pomwe ku England mndandanda wodikira chithandizo cha kuchipatala unadutsa 7 miliyoni mu 2022. Akakufunsani zimenezo mukhale mwakonzeka, musadzabwerenso kuno mukulira.