Yambani ndi PostgreSQL, koma musathamangire LOOP

Achimwene, mwafunsa poyambira kulemba ma procedure (timapulogalamu tosungidwa ndi kugwira ntchito mu database momwemo) m'kati mwa database, poti mukukonza pulogalamu ya sitolo ya zipangizo zaulimi ku Lizulu. Ine ndikuti ikani PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsera database, pa laputopu yanuyo. Ndi yaulere, ndipo PL/pgSQL, chinenero chake cholembera ma procedure, imafanana kwambiri ndi PL/SQL ya Oracle, moti mukadzakumana ndi Oracle kuntchito simudzakhala mlendo. T-SQL ya SQL Server muione mtsogolo.

Zoyambira si zambiri ayi: DECLARE potchula ma variable, BEGIN ndi END, IF, LOOP, komanso EXCEPTION pogwira zolakwika. Musaziloweze pamtima, ziphunzireni pa ntchito yeniyeni ya m'sitolomo.

Tinene kuti mlimi wa kachewere wochokera ku Tsangano wabwera kudzagula matumba asanu a feteleza. Procedure yanu iyambe yaona matumba otsala ndi SELECT ... FOR UPDATE. Akachepa, RAISE EXCEPTION, malonda aime pomwepo. Akakwana, UPDATE ichotse asanuwo, INSERT ilembe ndalama. Zonsezi zikhale mu transaction imodzi, kuti magetsi akazima pakatikati pasapezeke matumba atachotsedwa koma ndalama zosalembedwa. FOR UPDATE ija musaisiye chonde. Tsiku la msika ogulitsa awiri akhoza kugulitsa thumba lomaliza lomwelo nthawi imodzi, ndipo ndi iyo imene imadikiritsa wachiwiriyo mpaka woyamba amalize.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Anthu ozolowera Java kapena Python amakonda kutsegula cursor (cholozera mizere ya mu database) n'kumayenda mzere umodziumodzi. Kumeneko n'kutola chimanga njere imodziimodzi lichero lili pambali. Mukafuna kukweza mitengo ya mbewu zonse ndi 10 peresenti, UPDATE imodzi yakwana, ndipo imathamanga kuposa LOOP kutalitali. Choncho JOIN (yolumikiza ma table) ndi GROUP BY (yoika mizere m'magulu), zimene zimagwira mizere yambiri nthawi imodzi, zikhazikike kaye m'mutu musanapite patali.

Ma trigger nawo (malamulo amene amadziyambira okha china chikasintha mu database) muwagwiritse ntchito mosamala, chifukwa amagwira ntchito mobisika, ndipo wodzakonza pulogalamuyo pambuyo panu adzavutika kupeza chimene chikusintha manambala.

Dziwaninso kuti CREATE PROCEDURE inabwera mu PostgreSQL 11 m'chaka cha 2018. Procedure mumaiitana ndi CALL ndipo imatha kupanga COMMIT, pamene function singathe. Maphunziro akale a pa intaneti amangoonetsa ma function, ndiye musasokonezeke. Mukalemba ya fetelezayo, iponyeni muno tiione limodzi.